A Nangakale ndi Tcheni Chopanda Poyambira

Akuti a Nangakale anagonja. Ndi nkhani imene yakhala ikuyenda mumsewu mwathu chiwaikireni m'manda. Akuti atatsala pang'ono kutsirizika anatsegula diso limodzi n'kunena kuti, "Mukawauze alamu anga kuti ankanena zoona, chilengedwe chili ndi poyambira." Ine nditamva ndinaseka, kenako ndinasiya, chifukwa imfa ndinaionapo ikufewetsa anthu ouma mitu. Koma mutu wa a Nangakale? Mtima wina unavomera, wina unati dikira kaye.

Kwa inu amene simunawaone, anali okonza njinga, aafupi, odzaza girizi mpaka m'zigongono. Dzinali tinawapatsa ndife chifukwa cha funso lawo limodzi. Munthu amabwera akukankha njinga.

"Bambo, tayala laphwa."

"Laphwa liti?"

"M'mawa uno."

"Nanga kale?"

"Kale linali bwinobwino."

"Bwinobwino bwanji pamene msomali unali kale panjira ukulidikira? Nanga msomaliwo usanagwe pamenepo unali kuti?"

Wobwera ndi tayala lobooka ankachoka atabwezedwa m'mbuyo mpaka kwa Adamu, ndipo pa Adamu pomwepo ankafunsidwanso kuti nanga kale.

Tinali atatu pakhonde limodzi la sitolo: a Nangakale kumanzere ndi njinga zawo, a Telala kumanja ndi makina awo, ine pakati ndi nsapato za anthu. A Telala anali alamu awo, mlongo wa akazi awo. Awiriwa ankaswali mumzera umodzi, phewa ndi phewa, koma akangotuluka mumzikiti nkhondo inkayambira pa nsapato pomwe. Ine kumadrasa ndinathawa ndisanamalize zilembo, choncho zonse zimene ndikudziwa pa nkhaniyi ndi zimene zinkandidutsa pamutu.

A Nangakale ankati: "Allah ndi Mlengi. Ulengiwo sanauphunzire dzulo ngati mmene inu munaphunzirira kusoka. Ngati ali Mlengi chikhalire, ndiye kuti wakhala akulenga chikhalire. Chilengedwe ichi chisanakhalepo kunali china, chinacho chisanakhalepo kunali chinanso. Mukufuna kundiuza kuti anangokhala nthawi yonseyo, kenako tsiku lina n'kuganiza zoyamba ntchito? Ankadikira chiyani, zipangizo?"

"Astaghfirullah!" a Telala ankatero, phazi likupondabe makina. "Analipo Yekha, popanda kanthu pambali pake. Nthawi mukunenayo nayonso kunalibe. Anati chitika, zinachitika. Ngati masiku a m'mbuyo alibe poyambira, lero tafikapo bwanji? Munthu angamalize kusoka chimene sanayambe?"

"Inu mumamaliza zimene munayamba? Buluku langa lija lili kuti?"

Buluku limenelo linakhala pamsomali kwa a Telala mpaka nsalu inasintha mtundu. A Nangakale ankaliloza ngati umboni woti zinthu zina zilibe mapeto.

Tsiku lina a Telala anatopa ndi mawu. Anandipatsa nsonga ya ulusi kuti ndigwire, iwo n'kuyamba kuyenda chambuyo mumsewu akuumasula, kudutsa pa ometa, kudutsa pa ogulitsa makala, mpaka ulusi wonse unatha. Anakuwa ali patali, atakweza kamtengo kokulungirapo ulusi kali kopanda kanthu.

"Alamu! Poyambira ndi apa! Chilichonse ukachilondola umafika poyambira pake!"

A Nangakale sanadzuke n'komwe. "Nanga kale?"

"Kale chiyani?"

"Usanakulungidwe unali thonje. Thonje linali mbewu. Mbewu inachoka m'thonje lina. Pitirizani kuyenda, alamu, mukatipeza mawa."

Galimoto inadutsa n'kukola ulusi wonse. Mawa lake a Nangakale anabwera ndi tcheni cha njinga, n'kuchiponya pa makina a alamu awo. "Ndionetseni poyambira." A Telala anavala magalasi, anachitembenuza uku ndi uku, mpaka anapeza kachitsulo kolumikizira. "Apa! Munthu analumikiza apa!" A Nangakale anachitenga mwaulemu, anapita nacho kumanzere, tinamva nyundo go go go, n'kubwera nacho malo onse akufanana. "Onaninso."

"Kumeneko n'kubisa umboni!"

"Ndi kukonza. Ntchito yanga imeneyo."

Anapitanso nazo kwa Ashehe, ine ndikutsatira ngati mboni. Ashehe, munthu wofatsa, anawamvetsera mpaka tiyi wawo anazizira. Anawauza kuti akuluakulu ophunzira kwambiri analimbana nayo nkhaniyi kalekale, mabuku anadzaza zipinda. Kenako anafunsa kuti, "Nonse mukuvomera kuti Allah alibe chiyambi, alibe mapeto?"

"Eya."

"Ndipo kuti chilichonse chimene mukuchiona anachilenga ndi Iye?"

"Eya."

"Ndiye mukulimbanirana chiyani?"

Alamu awiri anayang'anana. "Ashehe," anatero a Nangakale, "sitinabwere kuti mutigwirizanitse. Tabwera kuti muwauze awa kuti akulakwa." Kuyambira pamenepo Ashehe ankadutsa tsidya lina la msewu, ndipo nsapato zawo ankanditumizira.

Khonde likakhala zii ndinkadwala nalo. Ndinkangopendekera kumanja n'kunong'ona kuti, "A Telala, alamu anu akuti Jannah, Paradaiso uja, ilibe mapeto, ndiye ngati kutsogolo kulibe khoma, kumbuyo mukulimangiranji?" Kenako kumanzere: "A Nangakale, akuti mwana amabadwa tsiku lodziwika koma ku Jannah sadzafanso, ndiye mfundo yanu yagwa." Basi, ine n'kumasoka nsapato ndikumvera wailesi yaulere mpaka dzuwa kupendeka.

Amene anavutika ndi Mayi Nangakale. Ankati anthu ena amathawa phokoso la kwawo pokwatiwa, koma iwo anakalipezanso ku ukwati. Tsiku lina atabwera ndi chakudya anafunsa kuti, "Kodi mkangano wanuwu unayamba liti?" A Telala anati tsiku limene alamu awo anabwera kudzafunsira. A Nangakale anati ayi, anali atakanganapo kale pa nkhani ya pampu. A Telala anakumbukira kuti za pampu zisanachitike panalinso zina. A Nangakale anaomba m'manja.

"Mwaona? Ngakhale mkangano wathu ulibe poyambira!"

Matenda atawagwira a Nangakale tinapita nawo kuchipatala. Adokotala anafunsa kuti kupweteka kunayamba liti.

"Funso labwino," anatero a Nangakale, akupumira m'mwamba. "Koma kusanayambe kupweteka..."

"Mwezi watha, adokotala," anadula Mayi Nangakale. "Musawapatse mpata."

Sanadzukenso. Tinawaika, ndipo patapita masiku mphekesera ija inatuluka. Anthu ankaima pa makina n'kumati, "A Telala, mwapambana! Akuti anavomera!" Ine ndinkayembekeza kuti a Telala avina. M'malo mwake anavundikira makina ndi nsalu, n'kukhala pansi manja ali m'maondo. Zovala za anthu zinaunjikana. Chakudya chinkabwerera chosakhudzidwa. Ndinayesa kuwaputa, ndinawafunsa kuti nanga kale.

"Ngati anavomera ndiye kuti yatha," anatero. "Ndilankhule ndi ndani za chiyani?"

Khonde lathu linakhala ngati la eni ake ena. Kumanzere tayala lakale lili pamsomali, tcheni chija chachita dzimbiri. Munthu amanena kuti chakuti chinayamba dzulo, anthu n'kungovomera kuti chinayambadi dzulo. Ashehe anayambiranso kudutsa mbali yathu, koma ankafika pamalopo n'kuchepetsa liwiro ngati akudikira kuti wina awaitane. Ndinaona kuti a Telala tiwaikanso posachedwa, chifukwa chopambana.

Ndinawakoka dzanja mpaka kunyumba kwa mlongo wawo. Tinawapeza akupinda zovala za malemu.

"Mayi," ndinatero, "mawu aja munawamva ndi makutu anu?"

Anapitiriza kupinda.

"Chemwali," anatero a Telala, "ndiuze. Anavomeradi?"

Mayi Nangakale anayang'ana achimwene awo, amene kolala inali ikulendewera pakhosi lawo loonda, n'kuponya malaya pampando.

"Achimwene, munthu ndangoika mwamuna. Inu m'mawa uliwonse pakhomo pano, 'Pali mfundo ina imene sindinawauze alamu,' n'kumandiuza ine! Ndinamva za poyambira kuyambira ndili mtsikana. Ndinangowauza anzanga apafupiwa kuti anavomera, kuti mwina nkhaniyi ithe ndipumeko."

"Ndiye ananena chiyani?"

"Anati, 'Uwauze achimwene ako abwere mawa, za Jannah zija sanandiyankhe bwino.' Kenako anatchula shahada, mawu ochitira umboni Allah, basi."

Ndinaona magazi akubwerera kumaso kwa a Telala.

"Sindinawayankhe bwino? Ine? Wouma mutu uja! Wathawa dala yankho ndili nalo!" Anapukuta maso ndi nsonga ya malaya. "Akandidikire komweko. Kumeneko nthawi siitha, adzaona."

"Inu mudzakhale kutali ndi ine," anatero mlongo wawo. "Ndinapempha kale."

M'mawa mwake makina anali akulira ndisanafike. A Telala anatsitsa buluku lija pamsomali, n'kumalisoka akulankhula chakumanzere, akuimika phazi pena ndi pena kuti ampatse mpata wina woyankha. Atamaliza mwendo umodzi analibwezera pamsomali.

Choncho inu amene mukufalitsa nkhani ija, siyani. A Nangakale sanagonje. Anaipeka ndi akazi awo.