Pempho la Sampulo 4417

Kwa Bwana Mkulu wa kampani yophwasula fakitale ya nyukiliya ku Sorrel Creek,

Wolemekezeka Bwana,

Pepani kuti mwana wa giredi 10 ndikukutayitsani nthawi. Ndalemba kuti ndithokoze.

Choyamba, zikomo pobwereka Gerald, kamba wanga wam'madzi, yemwe ndinamutola m'khwawa la kuseri kwa mpanda wanu chaka chatha. Mu Meyi anyamata anu anabwera kwathu n'kunena kuti chigoba cha kamba chimasunga mbiri ya madzi amene wakuliramo. Akuti makina anu a leza, kuwala kwamphamvu kuja, amangowotcha pachigobapo kadontho kochepa kuposa tsitsi, n'kuyeza utsi wake ngati muli yureniyamu wa m'fakitale. "Mphindi zisanu basi, mfana," anatero mmodzi wamtali. "Sadziwa n'komwe." Lero tili mu Okutobala. Gerald ndamudziwa bwino, ndipo sindinkayembekezera kuti padziko pano pali china choyenda pang'onopang'ono kumuposa. Mwanditsegula maso.

Chachiwiri, zikomo pomukweza udindo. Tsopano ndi Sampulo 4417. Mayi Brandvold a pakhomo la ofesi yanu akandiona ndikuimika njinga amayamba kuseka: "Bambo a kamba afika! Mwanawe, fomu yotulutsira chamoyo tilibe. Ilipo ndi ya konkire ndi ya zitsulo. Sankha." Ndinasankha ya konkire. Inabwezedwa chifukwa sindinalembe chaka chimene Gerald anathiridwa.

Chachitatu, chikwangwani chanu chija chakuti "Palibe choopsa" n'chokongola zedi. Zotsatira za Gerald zokha ndiye mwati ndi zachinsinsi. Ndikumvetsa. Nkhani yabwino kwambiri imafunika kuibisa, anthu angakomoke ndi chimwemwe.

Koma Bwana, kwathu kuno chisanu chayandikira. Gerald amafunika kulowa m'matope kukagona nyengo yonseyi madzi asanaundane ndi kuzizira, apo ayi sadzafika Epulo. M'chidebe cha pansi pa magetsi anu sangagone. Letesi sadya, amangomuponda. Kusukulu ndimadya ndekha, ndipo nkhani za tsikulo ndinkazisungira iyeyo. Sayankha, koma pamenepo mukufanana.

Ndiye ndikupempha modzichepetsa. Ngati chigoba chake chili bwino, ndibwezereni Lachisanu lino, njinga yanga ili ndi basiketi. Ngati sichili bwino, musungeni ndithu, koma mutumizenso anyamata aja ndi chidebe chokulirapo, chifukwa m'khwawa lomwelo ine ndasambiramo chilimwe chilichonse kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Zikhadabo sindinawenge, ndikusungira leza wanu.

Ine wanu wogonjera,

Tobias Lindqvist
(Sampulo 4418, mukafuna)