Chipembere cha a Faki Chiima pa Chikwanha

Pulani yonse inabadwira kuseri kwa mashopu a pa Chikwanha, ku Chitungwiza kufupi ndi Harare, Lachitatu masana m'chaka cha 2008, pa benchi ya mayi wina wogulitsa kachasu m'timabotolo ta mankhwala a chifuwa.

Pa benchipo panali akuluakulu atatu. Hector, yemwe anadzitcha yekha Dayilekita, ankamangabe tayi tsiku lililonse ngakhale fakitale yomwe ankagwirako inali itatsekedwa kalekale. Admire, chimunthu cha mapewa ngati chitseko, ankamva Chichewa chonse koma kuyankha ankayankha m'Chishona, monga achitira ana athu ambiri obadwira kuno kuchilendo. Wachitatu anali Kefasi wa ku Unit C, wotchedwa Sipanala, makaniko wa pansi pa mtengo amene anali atatha miyezi iwiri osakhudza boneti ya munthu, poti magalimoto onse anali atagona m'mipanda chifukwa chosowa mafuta.

Onse anagona, koma osati galimoto la a Faki lotchedwa Chipembere.

A Faki a ku Zengeza 1 anali atagula galimotolo ku Japan zinthu zisanafike poipa, la dizilo, lokoka matayala onse anayi. Linabwera pa sitima mpaka ku Durban, eniake nakalitenga okha kudzera pa Beitbridge. Chifikireni sanalipatse mpumulo. Analikweza m'mwamba ndi matayala onga a thirakita, naliika chichitsulo kutsogolo, nyali zinayi padenga, ndi chipaipi cha mpweya m'mbali mwa galasi chowolokera mitsinje, ngakhale madzi okhawo omwe linawolokapo anali a suweji yophulika ya mumsewu mwawo.

"Ku malire a Mozambique kuli munthu akulifuna," anatero Dayilekita akuwongola tayi. "Amalipira ndalama zenizeni, osati mapepala athu a maziro aja. Sipanala, paja umati galimoto limenelija umalidziwa?"

"Kulidziwa? Nyali zija ndinamanga ndine. Loko wake ndinaika ndine. Makiyi anabwera atatu, mudharayo, mdala Faki, ndinamupatsa awiri."

Kunena zoona, Kefasi sanasunge kiyiyo kuti adzabere. Anaiiwala m'thumba la ovolosi, ndipo a Faki atamuthamangitsa chifukwa cholumikiza hutala ku mabuleki, manyazi anamuletsa kukaibweza. Koma kachasu anali atafika m'mutu, kunyumba mkazi wake Esnath anali atasiya kumufunsa kuti ntchito yayenda bwanji, ndipo apa anthu awiri athunthu ankamuyang'ana ngati injiniya.

"Lachisanu masana mudhara amapita wapansi ku mzikiti," anapitiriza Dayilekita. "Akazi ake, Mayi Rukiya, amakhala ali kumsika. Mphindi zisanu, tatuluka. Dzuwa lisanalowe tili ku malire."

"Horaiti," anatero Admire. Ndiye anali maganizo ake onse pa nkhaniyo.

Lachisanu zinayamba bwino moti Kefasi anachita mantha. Geti linali lomanga ndi waya basi. Kiyi inalowa ngati yabwerera kwawo, injini nkulira. Mayi wina woyandikana nawo anasuzumira pa mpanda, Dayilekita namukwezera dzanja.

"Tikupita nalo ku sevisi, amayi!"

"Muyende bwino, ana anga."

Atakhala pa chiwongolero, Kefasi anaona zinthu zomwe sanazisiye m'mene ankachotsedwa ntchito. Pansi pa wailesi panali mabatani atatu achilendo, ndipo pafupi ndi giya panatulukira kampopi ka mkuwa konga ka kubafa. Koma injiniya safunsa.

"Khotera ku Chikwanha," analamula Dayilekita.

"Ku Chikwanha? Achimwene, msewu wa ku malire si umenewo."

"Ndati khota. Tanyaradzwa wa ku saluni uja anandiuza pagulu kuti sakwatiwa ndi mwamuna woyenda pansi. Angondiona kamodzi kokha, chigongono chili pawindo."

Choncho galimoto lobedwa, lalitali kuposa makombi onse, maminibasi a kuno, lodziwika kwa mwana aliyense wa m'Chitungwiza, linalunjika pamalo podzaza anthu kuposa pena paliponse. Dayilekita anatulutsa chigongono.

"Yatsa nyali zapadenga."

"Masana ano?"

"Yatsa, iwe!"

Kefasi anadina batani loyamba lachilendo lija. Palibe chinachitika. Anadina lachiwiri, kumbuyo kunayamba kulira kenakake ngati njuchi. Kuti asaoneke mbuli, anapotokolanso kampopi ka mkuwa.

Zomwe sankadziwa n'zakuti dizilo atasowa, a Faki anaika thanki yachiwiri ya mafuta okazingira chipisi ndi nsomba, otha ntchito, omwe ankatolera m'malo odyera a m'tauni. Mafuta amenewo amafuna injini itenthe kaye, apo ayi amalowa ali phala. Chipembere chinatsokomola kawiri, chinanjenjemera, nkuzima pakati penipeni pa renki, pokwerera makombi. Ku ekizozi kunatuluka utsi woyera, ndipo Chikwanha yonse inanunkhira nsomba yokazinga.

Anthu omwe anali asanalawe mafuta m'ndiwo chiyambire Isitala anaima n'kukweza mphuno m'mwamba.

Kefasi analumpha nkutsegula boneti. M'katimo munali mapaipi omwe sanawaonepo chibadwire, ena okulungidwa ndi nsanza za bulangete. Asanagwire kalikonse, wapolisi wina woonda, lamba atabowola kabowo katsopano, anafika pawindo la Dayilekita.

"Mamirirei pano?" anafunsa, kufuna kudziwa chomwe aimira pamenepo.

Munthu wanzeru akanangoti galimoto lafa. Koma Tanyaradzwa anali ataima pakhomo la saluni, chipeso m'manja, ndipo Dayilekita sakanalola kuoneka ali m'galimoto lakufa.

"Tabweretsa katundu, shefu. Mafuta ophikira. Tikudikira mwini sitolo."

Wapolisi anasuzumira kumbuyo, nakweza lona, naona zigubu zisanu ndi chimodzi zodzaza. Anameza malovu.

"Mafuta!" anakuwa mayi wogulitsa tomato yemwe anamva zonse.

Tisanamizane, ife a chaka chimenecho tinali akatswiri a mzere. Munthu akangoima kumanga chingwe cha nsapato, potembenuka ankapeza anthu khumi kumbuyo kwake. Ndiye apa panali fungo lenileni ndi zigubu zenizeni. Kefasi asanapeze n'komwe komwe paipi yoyamba ikupita, mzere unali utazungulira renki, kudutsa pa butchala, nkukakhotera kuseri kwa mabala a mowa. Makombi anatsekeredwa. Wapolisi anadziika yekha nambala wani, nayamba kulemba manambala pa zikhatho za anthu ndi bolopeni, ndipo Admire, poti ndiye wamkulu thupi, anamupatsa udindo wosunga bata.

"Liza galimoto, Sipanala," ananong'ona Dayilekita, tayi itanyowa ndi thukuta.

"Sindikudziwa chomwe mudhara uja anachita muno!"

"Si unati umalidziwa?"

"Ndimadziwa nyali!"

Kefasi anaganiza zothawa. Anasuzumira m'mbali mwa boneti kufuna mpata, koma maso ake anakumana ndi a Esnath, ataima wachisanu ndi chinayi, botolo lopanda kanthu m'manja. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi iwiri, mkazi wake ankamuyang'ana monyadira. Anali akuuza mayi wa kumbuyo kwake kuti awo ali pa injiniwo ndi amuna anga. Kefasi analeka zothawa. Anabwezera mutu mu injini nkuyamba kumenyamenya chitsulo ndi sipanala kuti amveke ngati akugwira ntchito.

Nthawi imeneyo swala, mapemphero a ku mzikiti, inali itatha. A Faki, pobwerera ndi mkanjo wawo woyera ndi kofia, anamva kuti pa Chikwanha pafika mafuta, nawonso nakaima kumapeto, kuseri kwa mabala komwe galimoto silinkaoneka. Kumeneko ndi komwe Admire anawapeza akuyendera mzere wake. Admire anali asanawaonepo nkhope mwini galimoto, koma analeredwa bwino.

"Madhara kumberi!" anakuwa, kutanthauza kuti achikulire apite kutsogolo, nawagwira dzanja mwaulemu ngati agogo ake. "Huyai, sekuru."

Anawatsogolera yekha, akukankha anthu ndi phewa, mpaka anawaimika kutsogolo kwa wapolisi, pamphuno penipeni pa Chipembere.

A Faki anayang'ana matayala. Anayang'ana nyali. Kenako anazungulira nkusuzumira pansi pa boneti.

"Kefasi."

"Wawa, bambo."

"Wapotokola kampopi injini isanatenthe?"

"Eya, bambo."

"Mbuzi ya munthu. Sefa imeneyo ndinaigula ku Musina." Anatembenukira kwa wapolisi. "Mwana wanga, galimoto ili ndi langa, ndinalisiya kunyumba. Ndipo za m'zigubuzo musayerekeze kuphikira, zakazinga nsomba za Harare yonse."

Dayilekita anayesa kutsika mwakachetechete mbali inayo, koma anthu anaganiza kuti akuthawitsa mafuta kukagulitsa kwa anzake, ndipo amayi atatu anamubweza ndi tayi yomweyo.

Vuto linatsala limodzi. Ku polisi kunalibe galimoto loyenda, maunyolo analipo amodzi okha, ndipo umboni unali wolemera matani awiri. Wapolisi anakanda m'mutu.

"Musavutike," anatero a Faki akukwera pa chiwongolero. "Khalani apa pambali panga. Awa akankha."

Umo ndi m'mene anthu a m'Chitungwiza anaonera akuba atatu akudzikankhira okha ku polisi dzuwa likuswa mtengo, mwini katundu akuwongolera ndi dzanja limodzi, nthawi ndi nthawi akuliza hutala kuti awonjezere mphamvu. Matayala a thirakita aja Kefasi anawatukwana mumtima pa bampu iliyonse. Mzere sunabalalike. Anthu a kumbuyo anali asanamve zoti mafutawo ndi akuda, a kutsogolo sanakhulupirire, ndipo panalibe wofuna kutaya nambala yake, choncho onse anatsatira galimotolo mwadongosolo, mmodzi kumbuyo kwa mnzake.

Esnath anatuluka pa mzere nkudzayenda pambali pa mwamuna wake. Kefasi anadikira misozi, kapena mawu oti adzamudikira mpaka adzatuluke.

"Bambo a Felesita."

"Ee, mayi."

"Ndinali wachitatu pa mzere wa shuga. Wachitatu! Ndachokapo chifukwa cha inu." Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku mapazi. "Ndipo kankhani bwino. Anzanuwo akuona kuti mwangogwirizira."