Tsiku Lomwe Ndinavinitsa Apongozi ku Lwendulu

Adzukulu anga akandifunsa chifukwa chake sindivina pa maukwati, ndimanamizira bondo. Bondo langa lilibe mlandu. Nkhani yake inachitikira ku Wanki, tauni ya mgodi wa malasha, m'holo ya ku komboni ya Lwendulu, ndikadali mnyamata wa tsitsi lambiri ndi nzeru zochepa.

Inali nthawi ya tchuthi cha Disembala, chapakati pa zaka za m'ma 1970, nyengo imene dzuwa la ku Wanki limasungunula phula mumsewu. Kunabwera aphunzitsi awiri ochokera ku Bulawayo, akatswiri enieni: Bambo Ncube a zisudzo, ndi MaSibanda a magule, mayi woonda amene ankayenda ngati sakuponda pansi. Anadzera ana a sukulu kuti akonze nawo sewero, koma atasowa mwamuna wa mawu aakulu anadzafunsa kwa ife a ku wekishopu ya mgodi. Ine ndinakweza mkono asanamalize kulankhula (ndinali nditangotomera Esinati, ndiye ndinkafuna andione ndikuwala).

Koma ukwati unali usanavomerezedwe. Mayi ake a Esinati, Anaphiri, anabadwira ku Dedza, ndipo mwambo anabwera nawo wonse osasiyako kanthu pa malire. Mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, sawagwira dzanja, ndipo akakumana nawo panjira amapatuka. Ine ndinkapatuka ndi mtima wonse, mpaka tsiku lina ndinagwera m'ngalande ku Thomson Junction ndi njinga yomwe. Ngakhale zinali choncho, iwo ankauza ankhoswe kuti mnyamatayo amaseka kwambiri, ayambe amuona kaye.

M'seweromo ndinali kapitawo wa mumgodi, wamwano ndi wokonda mowa. Kumapeto ndinkayenera kutsika pa siteji, kuloza munthu wokhala pampando wapakati kutsogolo, kumunyoza, kenako kumukoka kuti tivine. Bambo Ncube ankati kutauni amatero kuti oonerera asagone. Tinapangana kuti pampandopo pazikhala mnzanga Yohane, munthu wa mimba yake, wosakwiya msanga. Malamulo a Bambo Ncube anali awiri basi: maso kutsogolo, ndipo "aikona kupatsa anthu msana, mfana", ndiye kuti osafulatira oonerera. MaSibanda nawo anauza oimba ng'oma kuti kaya denga ligwe, iwo asasiye.

M'mawa wa tsikulo Esinati anandiuza kuti mayi ake abwera. Ndinasangalala, ndipo ndinathamangira kwa Yohane kukamupempha kuti apongozi akafika awapezere malo abwino koposa onse. Sindinaganize kuti malo abwino koposa m'holo monsemo ndi ati. Yohane, poti analeredwa bwino, anaganiza.

Seweroli linali la masana, choncho aphunzitsi aja anatseka mawindo ndi mabulangete n'kuyatsa magetsi aakulu olozetsa kumaso kwathu. Poyeserera magetsiwo kunalibe. Nditakwera pa siteji sindinaone munthu ngakhale mmodzi, mdima wokhawokha ukuseka. Ndipo anthu ankasekadi. Ndinatupa mutu. Ndinadzandira moposa zomwe ndinaphunzitsidwa, ndinagwedeza chiuno moposa zomwe MaSibanda analoleza, ndipo nthawi yotsika itakwana ndinalunjika pampando wapakati ngati munthu wopita kwawo.

"Iwe, wangokhala phwii ngati thumba la malasha," ndinatero ndi mawu anga onse aja. "Mimba imeneyo ukusungiramo chiyani? Dzuka tivine."

Za mimbazo sizinali m'sewero. Ndinaonjezera ndekha, pofuna kukometsa.

Ndinagwira dzanja n'kukoka. Dzanjalo linali ndi chibangiri, ndipo Yohane sankavala chibangiri. Kuseka kunaduka. Maso atazolowera mdima, ndinayamba kuona duku yobiriwira, kenako nkhope imene ndinali ndisanaiyang'anepo chiyambire, koma ndinaidziwa nthawi yomweyo chifukwa mphuno yake inali ya Esinati.

Mantha ngati amenewo sindinawamvepo ngakhale pansi pa mgodi. Mwambo unkati thawa, Bambo Ncube ankati usapereke msana, ndiye thupi langa linasankha zapakati: ndinagwada, nkhope n'kuipotokolera kukhoma, koma dzanja la apongozi ndikadaligwira (ndinaiwala kuti ndi ine woyenera kulisiya). Ng'oma zinkalirabe monga zinalamulidwira. MaSibanda, osadziwa kuti ameneyu ndani, ankandinong'oneza m'Chindebele kuti ndipitirize, zikukoma.

Anaphiri anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono. Ndinamva mpando ukukhwekhwereza ndipo ndinadziwa kuti akutuluka, ndi Esinati yemwe. Koma sanatuluke. Anamanga chitenje m'chiuno, anandilambalala, anakwera pa siteji n'kuyamba chimtali. Amayi a kwathu analiza nthungululu, ena anadzuka kukalowa nawo, holo yonse inagwedezeka. Izi ndikukuuzani zongomva, chifukwa ine ndinaonerera khoma mpaka sewero kutha, msana nditaupereka kwa anthu onse a ku Lwendulu.

Bambo Ncube anandikumbatira n'kunena kuti mathero otere sanawaonepo ngakhale ku Bulawayo. Ine ndinapita kunyumba kukadikira uthenga wakuti chitomero chatha. Chakudya sichinkalowa. Ku shifiti anzanga akandiona ankagwada n'kuyang'ana kukhoma.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi anafika a Mbewe, ankhoswe anga, nkhope ili gwa. Anakhala pansi, anapempha madzi, anamwa mosafulumira, kenako anati apongozi akufuna nkhuku ziwiri.

"Imodzi ndi ya dzanja lija, pamodzi ndi thumba la malasha," anatero.

"Nanga inayo, malume?"

"Inayo ndi ya kavinidwe kako. Akuti anakuonerera kuyambira pachiyambi ndipo anamva chisoni. Mwana wawo umutenga, poti kugwada umatha. Koma akuti pa tsiku la ukwati ukhale pansi, usawachititse manyazi kawiri."

Disembala wotsatira aphunzitsi aja anabweranso. Ndinavala malaya abwino n'kukaima pakhomo pa holo, ndipo MaSibanda atandiona anasangalala kwambiri, n'kundifunsa ngati ndingawasonyeze kunyumba kwa mayi aja a duku yobiriwira. Ndinawaperekeza mpaka pangodya, ine n'kupatuka.

Pa ukwati wanga ndinakhaladi pansi. Anaphiri anatisiya kalekale, koma mpaka lero palibe nkhoswe amene wabwera kudzandiuza kuti chiletsocho chinatha.