Mafuta a Rozi a Zikang'a Zanga

Lolemba

Akubwera! Bambo a Lusia akubwera! Aimba foni m'mawa uno ndili pathandala kuyanika usipa. Akuti basi ya ku Joni aipeza, Loweruka ali pano pa Nkhudzi. Ndakuwa mpaka Abiti Jafali, amene timayanika moyandikana, aponya beseni poganiza kuti ndaponda njoka.

Zoti ndichite:
- kuzira nyumba
- kuchapa makatani
- kugula nkhuku, yaikulu
- kulukitsa tsitsi
- MANJA!

Manja ndi mapaziwa ndiye nkhani. Mchere, madzi otentha ofutsira usipa, kuphatikiza mwera wa chaka chino. Zikhatho ngati msana wa ng'ona. Zikang'a m'mapazimu zoti mphemvu ikhoza kubisalamo. Munthu wakhala zaka zonsezi akuona akazi osalala a ku Joni, ndiye afike adzagwire izi? Amuna ena m'mudzi muno anabwera, kuyang'ana uku ndi uku, n'kubwereranso. Sindikufuna kuganiza zambiri.

Koma taonani mwayi! Pagulu lathu la amayi a kutchalitchi wina waponya kavidiyo pafoni. Mayi wina akupanga yekha mafuta odzola a maluwa a rozi. Kuyanika timasamba ta maluwa, kuviika m'mafuta, kusefa, kusungunuliramo phula la njuchi, basi. Akutuluka apinki, okongola. Nanga manja ake mayiyo! Ndaonera mpaka bandulo yatha.

Maluwa a rozi m'mudzi monse muno ali malo amodzi, kutsogolo kwa nyumba ya abusa. Amayi busa akuti, "Mukatole okhawo amene ayamba kuyoyoka. Enawo ndi apaguwa Lamulungu."

Ndithu ndipanga. Ndipanga!

Lachiwiri

Oyoyokawo ndi ochepa, osadzaza ndi chikhatho chomwe.

Ndathothola limodzi lotseguka bwino. Kenaka lina, kuti likhale ndi mnzake. Pamene ndikuzindikira, jumbo yadzaza, mitengo yangotsala minga yokhayokha. Amayi busa ali kuchigayo. Ndidzawafotokozera, akadzaona khungu langa adzamvetsa.

Minga yandikanda mikono yonse. Palibe kanthu, mafutawo adzapoletsa.

Kavidiyo kakuti uyanike pamalo aukhondo, popita mphepo. Pansi pali nkhuku. Padenga malata akuotcha. Pathandala! Ndasunthira usipa mbali ina, ndayala maluwa anga mbali inayo. Ofiira, oyera, achikasu. Thandala langa silinakongolepo chonchi.

Abiti Jafali aima nthawi yaitali, manja m'chiuno. "Amwali, ndiwo zimenezi mukazithira mchere wochuluka bwanji?"

Aseke lero. Sabata yamawa adzabwera ndi kabotolo kawo.

Lachitatu

Mwera!!

Wadzuka ndi ukali wake wonse. Maluwa anga auluka ngati agulugufe. Ena m'nyanja, ena m'maukonde a eni ake, ambiri mu usipa wa Abiti. Tsiku lonse ndawerama, kutola kamodzikamodzi. Mayi wina wodzapikula wochokera ku Lilongwe akufunsa ngati usipa wa chaka chino ukubwera wokongoletsa kale.

Otsala akwana m'kambale ka ndiwo.

Ndanunkhiza. Rozi alimo, koma ali kumbuyo kwenikweni. Kutsogolo kuli usipa. Mwina ndikaphika fungolo lichoka.

Nkhani yabwino: phula lapezeka! Mkulu wina wogulitsa uchi wochokera kumapiri wandipatsa zisa zathunthu. "Mukafinye nokha, mayi." Ndafinya. Uchi wina watsalira m'kati, koma si vuto, uchi nawonso ndi mankhwala.

Makatani mawa.

Lachinayi

Ndaoneranso kavidiyo kaja mofatsa. Kakuti maluwa akhale m'mafuta masabata angapo. Masabata! Ine ndatsala ndi mawa lokha. Moto ufulumizitsa.

Mayi uja amathira mafuta a kokonati. Pano kulibe. Ophikira nawonso ndi mafuta.

Poto pambaula. Ndangotembenuka pang'ono kuthamangitsa mbuzi pamphasa, maluwa ayamba kulira ngati tchipisi cha pachiwaya. Apserera. Ndasefa ndi duku lakale, ndathiramo phula, ndatakasa. Mtundu wake ngati madzi a m'chithaphwi.

Apongozi asuzumira pakhomo la khitchini. "Mwakazinga nsomba yanji, mayi a Lusia? Mundisungireko kumutu."

Sindikugwa mphwayi. M'kabati muli kala wofiira wa makeke. Ndimati timadontho pang'ono, koma kachivindikiro kachoka, yense wakhuthukiramo. Ndatakasa msangamsanga. Si apinki, ndi ofiira ngati magazi a nkhuku. Komabe ndi mtundu wa rozi!

Ndathira m'kabotolo ka jamu, ndaika pozizira.

ALIMBA! Alimba ngati a m'sitolo! Ndavina ndekha m'khitchini. Iyi ndi bizinesi. Ku Monkey Bay, ku Mangochi boma, mwina ndi ku Joni komweko. Usipa ndiusiya.

Lachisanu

Ndadzola m'mawa. Manja, mapazi, mikono. Nkhope nayonso, yalakwanji? Kufewa kwake! Zoona, khungu lafewa. Ndakhala pakhonde kuti anthu aone.

Amene abwera kudzaona:
- amphaka, a m'mudzi monse, ena sindikuwadziwa n'komwe
- ntchentche
- nyerere, zikukwera m'miyendo pamzere
- njuchi

Njuchi zabwera kudzatenga uchi wawo. Imodzi yandiluma pachikope. Diso lamanzere latsekeka, latupa ngati ndimu.

Ndathamangira kubafa. Kufiira sikukuchoka! Ndayesa sopo, phulusa, mchenga. Ndayesanso madzi a ndimu, kuiwala zikang'a ndi mabala a minga aja. Mudzi wonse wandimva.

Abiti Jafali abwera ndi anyezi wodula pakati, akundipaka pachikope, uku misozi ya kuseka ikuyenderera. "Kwathu mkwatibwi timamulemba utoto wa hina m'manja mokha, amwali, osati mpaka m'makutu."

Amayi busa akuimba foni. Ikulira, ine ndikungoiyang'ana ndi diso limodzi.

Nkhuku sindinagule. Tsitsi sindinalukitse. Makatani ali momwe analili.

Mawa ndikabisale kwa mayi anga ku Katuli? Galimoto yake ndiipeza kuti?

Loweruka

Pasiteji. Duku mpaka m'nsidze, magalasi akuda obwereka, manja m'kati mwa chitenje. Mphaka mmodzi wanditsatira kuchokera kunyumba.

Atsika m'minibasi. Aonda. Ndevu zayamba imvi. Koma ndi iwo, kayendedwe n'komweko.

Ndagwada kuti ndipereke moni. Atambasula dzanja. Kothawira kulibe, ndatulutsa langa.

Aliyang'ana. Ayang'ananso nkhope. "Mayi a Lusia, mwandiphera mbuzi?"

Ndavula magalasi, kuti zithe kamodzi.

"Aa! Mbuziyo inabwezera?"

Ndayamba kuseka, kenaka kulira, diso limodzi lokha likugwira ntchito. Ndawafotokozera zonse pomwepo, anthu a pasiteji akumvera nawo. Iwo dzanja langa osalisiya.

Ndipamene ndamva dzanja lawolo. Lokhakhala kuposa langa! Ming'alu ya simenti yozama, ina yatuluka magazi n'kuuma, chikhadabo chimodzi palibe. Zaka zonsezi pafoni ankangoti, "Ntchito ili bwino, musadandaule." Ndaligwira ndi manja onse awiri, pamsewu, anthu akuona. Aone.

Ndiwo zamasana: usipa. Adya mpaka kupukuta mbale.

Lamulungu

Kutchalitchi. Paguwa pali maluwa apulasitiki otsalira paukwati wa winawake. Ndakhala benchi lakumbuyo, komabe makosi onse akutembenukira kwa ine.

Potuluka amayi busa andigwira paphewa. Sanakalipe, bola akanakalipa. "Musafotokoze, mayi a Lusia, nkhope yanu yanena kale. Kuthirira maluwa aja ndi kwanu mpaka adzaphukenso."

Ndavomera. Ndikanatinji?

Bizinesi yatha isanayambe. Diso layamba kutseguka pang'ono. Kufiira, Abiti akuti kuchoka kokha khungu likadzasintha.

Kabotolo kaja ndimati ndikataye m'chimbudzi, koma pamalo pake palibe. Ndakapeza pakhonde, kali ndi bambo a Lusia. Akudzola m'ming'alu mwawo, chala chimodzichimodzi, amphaka atawazungulira ngati pamsonkhano.

"Musataye ayi. Lero sizikuwawa ngati dzulo."

Tsopano ofiira m'nyumba muno tilipo awiri. Apongozi akuti tikamapita kokaona abale, iwo adutsa njira ina.

Mawa m'mamawa ndowa pamutu, wa kwa abusa. Ndikachoka kumeneko, usipa. Zikang'a zili pomwe zinali.