Tsiku limene ndinapikisana ndi kiyibodi pa Nsipe

Amene akuti Nachisale mawu anamuthera abwere pafupi, asamanong'one kuseri kwa matumba a kachewere. Nthungululu ija mumaimva pa wailesi, m'nyimbo yakale ya bandi ya a Ngozo yonena za mkamwini waulesi, ndi yanga. Ndinailiza ndili mtsikana, mwana ali kumsana.

Chaka chatha bandiyo inabwera pa Nsipe Loweruka masana, onse imvi mbuu, ati nyimbo zakale azikonza mwatsopano. Ya mkamwini ija, imene tinkavina mpaka fumbi koboo, anaikoka ngati ya pamaliro. Ndinapirira. Koma atafika pamalo anga, wa kiyibodi anangodina ndi chala chimodzi, makina n'kuliza nthungululu, mwiniwakene ndili chilili pomwepo, dengu la tomato pamutu.

"A Ngozo," ndinatero, "mwandikwirira ndili moyo?"

"Pumani, mayi. Mano omwe anakutherani. Makinawa satsokomola."

Mukumva? Ndinatula dengu, n'kumanga chitenje, n'kukoka mpweya mpaka malaya onse a pakaunjika analoza kwa ine, ndipo nditaitulutsa nthungululu yanga, malole apamsewu anaima okha madalaivala akufunafuna apolisi, kabichi yense wa ku Biriwiri anakulunga mitu tsiku lomwelo, ng'ombe za kutsidya ku Mozambique zinathamangira m'khola dzuwa lili paliwombo, amayi atatu oyembekezera ku Kasinje anachira nthawi imodzi, ndipo nsambo za gitala zinaduka zonse moti a Ngozo anamalizira ndi waya wa mabuleki a njinga. Ndikunama, galimoto indigunde.

Wa kiyibodi anakweza makina. Nanenso ndinakweza. Iye, ine, iye, ine, mpaka dzino langa lomaliza linauluka, ndipo amene analitola ku Balaka akuti linali likadanjenjemera.

Kenaka ndinatsokomola. Makina anapitiriza. Anthu anawombera makinawo m'manja, sindikana, ndipo ine ndinasenza dengu langa osayang'ana munthu.

A Ngozo ananditsatira kuseri kwa masipika, chipewa chili m'manja.

"Musakwiye, mayi. Nthungululu ili m'makinamo tinaichotsa pa kaseti yakale ija. Tinayesa atsikana asanu ndi awiri, palibe anafikapo."

Ndiye mukamafalitsa kuti Nachisale anagonja pa Nsipe, muzimaliza nkhaniyo. Anagonja kwa yani? M'Ntcheu yonse muno wondiposa alipo mmodzi yekha, ndipo ndi ine ndemwe, mano onse ali m'kamwa.