Makoswe anga pansi pa bedi ya mwana

Anzanga a m'kalasi anavala magauni chaka chatha. Ine ndinali m'gulu la owaombera m'manja, ndipo nkhaniyi imandiwawabe mpaka lero.

Kafukufuku wanga wa digiri anali wa makoswe. Khoswe timamugoneka ndi mankhwala, kumumeta pachifuwa, kumung'amba, n'kumanga kamtsempha kamodzi kuti adwale ngati munthu amene magazi asiya kufika bwino kumtima. Kenako timamuunika ndi makina a sikani, onga aja ounikira amayi apakati, kuti tione ngati chithunzi cha masiku oyamba chingatiuziretu mtima umene udzafooke. Patapita milungu timaunikanso. Popanda kuunika komalizaku, ntchito yonse ndi yachabe.

Ndiye makina a ku labu ya kusukulu kwathu anafa sabata yomalizayo. Dokotala wina wa ziweto ku Kabulonga anandilola kugwiritsa ntchito ake Lolemba m'mamawa, agalu a mabwana asanayambe kufika. Loweruka ndinanyamula makoswe anga kupita nawo kunyumba ku Chelstone kuti ndidzalawirire nawo Lolembalo (malamulo salola, ndikudziwa, musandiyang'ane choncho).

Kunyumba kunali apongozi, amene anabwera kudzathandiza mkazi wanga atangobereka. Iwo amauza aliyense kuti mkamwini wawo ali ku za udokotala. Ndikanayambira pati kuwauza kuti ndimameta makoswe? Ndinalowetsa bokosi mwakachetechete n'kulikankhira pansi pa bedi ya mwana, poti chipindacho n'chofunda. Mkazi wanga ndinati ndimuuza mawa.

Mawa lakelo ndinathamangira ku tauni kukagula mafuta ochotsera ubweya. Potsika minibasi pobwerera, ndinamva nyimbo zikuchokera kwathu. Pabwalo panali utsi, azimayi a kutchalitchi atazungulira mbaula, ndi abusa atavula jekete. Fungo la makoswe opsa linandiuza zonse.

"Atate ake a mwana, khalani pansi," anatero apongozi. "Adani anu ali pafupi. Makoswe oyela, maso ofiila, ometedwa, osokedwa na ulusi pachifuwa. Pansi pa mwana!"

"Aliyense anali na nambala kumchila," anawonjezera abusa. "Uyu munthu adziwa nchito yake."

(M'zaka zonse za sukulu yanga, palibe anandiyamikirapo chotere.)

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndi anga. Koma ndinaona mkazi wanga atafungata mwana, ndi maso a azimayi onsewo ali pa ine. Kunena kuti ndi anga kunali kunena kuti mfitiyo ndine. Ndinakhala pansi, abusa anandigwira mutu, ndipo misozi inatsika yeniyeni. Onse anati Mzimu wandikhudza.

Aphunzitsi anga oyang'anira kafukufukuyu nditawauza, sanakalipe n'komwe. Anangovula magalasi n'kunena kuti, "Muyambilenso." Mkazi wanga nditamuuza zoona, anatha sabata akundipatsa chakudya osandiyang'ana, ndipo anandilumbiritsa kuti amayi ake asadzamve.

Ndikanati ndaphunzira kunena zinthu msanga, koma ndingakhale ndikunama, chifukwa apongozi sadziwa mpaka pano. Akabwera kudzacheza, pemphero la patebulo amalimaliza chimodzimodzi: "Ambuye, uja anaika makoswe muno, zake zonse zisayende."

Makina a ku labu akadali akufa, makoswe atsopano sanafike, ndipo ine ndimatsinzina n'kuyankha kuti Amen.