Chigubu Chopanda Mchere

Kunyumba ya ku Kabulonga kumene ndimagwira ntchito, mchere amausunga pamwamba pa kabati, pomwe sindifikira popanda mpando. Alendo amauzidwa kuti n'chifukwa cha chinyezi. Chifukwa chenicheni ndine, ndipo kuli bwino ndiulule ndekha ena asanakometsere nkhaniyi.

Ndinafika mu Lusaka kuchokera ku Chadiza ndi kachikwama kamodzi. Azakhali anga a ku Kabwata anandichingamira pa siteshoni ya mabasi ya Intercity, ndipo ndiwo anandipezera ntchito ya m'nyumba kwa Ba Mulenga, omwe amapemphera nawo. Njira yonse ankandilangiza kuti ndikakalakwa kumeneko, manyazi ku tchalitchi adzakhala awo, ndipo ine ndidzakwera basi yomwe ndinabwerera.

Ba Mulenga anali atangoika kumene thanki yagalasi pabalaza. Munali nsomba ziwiri ndi tinthu tomera pamiyala, tina ngati bowa, tina ngati zala za khanda. Ankati ndi makorali, nyama zamoyo za m'nyanja yamchere. (Ndinagwedeza mutu. Nyama yopanda maso, yopanda miyendo, yongokhala pamwala tsiku lonse. Ndinangoti ndi za m'tauni.) Akaweruka kuntchito ankayamba kuzonda makoraliwo, kenako n'kupereka moni kwa amadamu.

M'nyengo yotentha kunagwa maliro ku Kasama, banja lonse n'kunyamuka mwachangu. Asanakwere galimoto, Ba Mulenga anandionetsa kamzere pagalasi ndi chigubu chabuluu pakhonde.

"Manzi yakachepa kupitilila mzele uyu, uthile ya mu chigubu iyi chabe. Wamvela?"

"Namvela, ba bosi."

Sindinafunse kanthu. Kusukulu kwathu wofunsa ankaoneka ngati sanamvetsere, ndipo ine ndinkafuna aone kuti atenga mtsikana wakumva.

M'mawa mwake madzi anali atatsika. Ndisanathire, ndinachita zomwe amayi anandiphunzitsa pophika ndiwo: ndinadontheza pang'ono padzanja n'kulawa. A m'thanki anali amchere kwambiri. A m'chigubu, zii, opanda kalikonse. Mtima unandipweteka. Ndinaona kuti abwana, ndi chisoni cha maliro, aiwala kuthira mchere m'chigubumo. Kuwaimbira foni sindikanatha. Munthu ali pasiwa, iwe n'kumamuuza kuti anaiwala mchere? Ndinaganiza zowabisira cholakwacho. Ndinatenga mchere wa kukhitchini, kuthira, kutakasa ndi mthiko, kulawa, kuthiranso, mpaka madzi a mbali ziwirizo anafanana.

Tsiku lachitatu ndinapeza timiyala toyera tamchere titauma m'mphepete mwa galasi. Apa ndinatsimikiza kuti mchere ukuthawa m'thankimo, choncho ndinawonjezera. Makorali aja anayamba kufinya zala zawo, ena kutuluka zonanda ngati therere. Ndinati akulakalaka kwawo kunyanja, ndipo mankhwala ake ndi mchere basi. Wa kukhitchini utatha ndinapita pakantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu, kukagula wamiyala, womwe agogo amati ndiwo mchere weniweni, n'kuusinja mumtondo. (Inde, mumtondo wa nsinjiro. Ndinautsuka kaye, musandiyese wauve.)

Tsiku lachisanu limodzi mwa makoraliwo linayera mbee, ngati malaya a pa Sabata. Ndinasangalala kwambiri. Madzulo Ba Mulenga atatumiza uthenga wofunsa za kunyumba, ndinayankha monyadira kuti zonse zili bwino, ndipo limodzi layera kuposa mmene analisiyira.

Tsiku lotsatira, dzuwa lisanafike pamutu, galimoto inali pageti. Kasama si pafupi.

Analowa osavula nsapato. Anatenga kachipangizo kawo koyezera mchere, kosuzumiramo ndi diso limodzi, kudonthezapo madzi, kuyang'ana, kupukuta, kuyang'ananso. Kenako anakhala pansi, osati pampando, pansi penipeni. Anandifunsa motsitsa mawu chomwe ndinathiramo. Ndinagwada n'kufotokoza zonse mwadongosolo, ngakhale za mtondo zomwe. Ndinawauzanso kuti asadandaule, sindinauze aliyense zoti anaiwala mchere.

Amadamu ndiwo anandifunsa, ali chiimire pakhomo ndi chitenje cha kumaliro.

"Mwana wanga, ukaphika ndiwo, supu yauma pa moto, umathila chani?"

"Manzi, ba madamu."

"Na mchele futi?"

"Iyayi, ingawawe. Mchele sikuuma, imasala mu poto."

Ndinamva mawu anga ndekha akutuluka. Chinthu chomwe ndachidziwa kuyambira ndili wamng'ono, ndinachisiya kukhitchini polowa pabalaza. Madzi ndiwo ankauluka ndi kutentha, mchere wonse unkatsala. Chigubu chija chinali chopanda mchere mwadala. Ndipo korali likayera chotero ndiye kuti likufa.

Masiku otsatira Ba Mulenga ankachotsa madzi pang'onopang'ono n'kumathira ena, ine ndikunyamula ndowa mwakachetechete. Makorali atatu sanadzuke. Nsomba zinapulumuka, ngakhale mpaka pano ndikayandikira zimabisala kuseri kwa mwala.

Azakhali anaitanidwa. Anabwera atavala zakutchalitchi, ndipo ine kachikwama kanga ndinali nditalongeza kale. Ba Mulenga anafotokoza mlandu wonse, azakhali akungoyang'ana pansi. Koma amadamu anafunsa amuna awo kuti pa miyezi yonse yomwe akhala akucheza ndi miyalayo madzulo aliwonse, analephera bwanji kupatula mphindi imodzi kuuza munthu wamoyo chifukwa chake chigubu chilibe mchere. Anawonjezera kuti mtsikana amene amasinja mchere mumtondo pofuna kubisa manyazi a bwana wake sachoka m'nyumba mwawo. (Ndimakayikirabe kuti makoraliwo amadamu sankawakonda kwenikweni.)

Ndinamasula kachikwama. Pachigubu analembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti OSATHIRA MCHERE, ndipo anandiphunzitsa kusuzumira m'kachipangizo kaja. Tsopano ndimafunsa chilichonse, moti tsiku lina Ba Mulenga anandipempha kuti mafunso ena ndiziwasungira Loweruka.

Koma ndisaname. Pabalaza pakakhala palibe munthu ndimadonthezabe pang'ono padzanja n'kulawa. Kachipangizo kamati zonse zili bwino. Lilime langa limati mchere waperewera pang'ono.